Amayi a m'chigwa, thupi tizilimbitsa dzuwa lisanakwere

Amayi anzanga a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, tisamadzinamize kuti poti timalima ndi kutunga madzi ndiye basi zakwana. Kuwerama ndi khasu tsiku lonse kumapweteketsa msana. Ine ndinayamba kuyenda ndawala m'mamawa chifukwa cha BP, ndipo pano tulo ndimagona tofa nato, ngakhale mtima suthamanganso ndikasenza ndowa.

Nkhani yagona pa nthawi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye tulukani cha m'ma 5 koloko, mubwerere dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Mphindi 30 masiku asanu pa sabata zakwana, ndizo mphindi 150 zomwe a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amalimbikitsa. Imwani madzi musananyamuke, botolo lina m'manja. Koma m'mbali mwa Shire ayi, chonde, ng'ona sizigona.

Mukamayenda nokha, sabata yachiwiri ulesi wakugwirani kale. Ife timagogoderana pakhomo, ndipo tikamaliza banki mkhonde Lachisanu timavina utse mpaka bulauzi kunyowa chiii, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Oyembekezera ayambe afunsa kusikelo.