Kuzimitsa uthenga pa dashibodi si kuthira mankhwala a sefa ya utsi

Chiyambireni nyengo yozizira ino, m'magalaja a ku Luwinga ndi ku Chibavi kuno ku Mzuzu mukulowa magalimoto a dizilo ochokera ku Ulaya ali ndi nthenda imodzimodzi. Sakukoka, akumwa mafuta modetsa nkhawa, ndipo ukasolola ndodo yoyezera upeza oilo wakwera kupitirira mzere. Ukamufunsa mwini wake, nkhani imayamba chimodzimodzi. Miyezi ingapo yapitayo pa dashibodi panatuluka uthenga wokhala ndi mawu oti additive, kutanthauza mankhwala othandiza sefa ya utsi. Anapita kwa mnyamata wa kompyuta, mnyamatayo analumikiza chingwe, n'kudinadina, uthenga n'kuzima. Analipira, nabwerera kwawo akuyamika. Palibe amene anagwada kusuzumira pansi pa galimoto, ndipo palibe ngakhale dontho la mankhwala lomwe linathiridwa.

Chizolowezi chimenechi chikupha magalimoto abwinobwino, ndipo chikundipweteka mtima chifukwa ambiri amene akuluza ndi anthu oti anasunga ndalama zaka kuti agule galimoto yoyamba.

Ndikunena za Peugeot ndi Citroën za injini ya HDi, monga 307, 407, Partner ndi Berlingo, komanso Ford Focus ndi C-Max za TDCi, Volvo S40 ndi V50 za dizilo, ndi Mazda 3 ya dizilo ya 1.6, zomwe zinatengera injini za banja lomwelo. Si onse ali nayo sefa ya utsi, koma ambiri mwa amene ali nayo amakhalanso ndi kathanki kena kapena kathumba ka pulasitiki, kobisika pansi chakumbuyo pafupi ndi thanki ya dizilo. M'menemo mumakhala mankhwala otchedwa Eolys. Njira imeneyi inayamba ndi Peugeot 607 m'chaka cha 2000, ndipo pa magalimoto a ku France sefayo imalembedwa kuti FAP, pamene ena amati DPF. Ntchito ya sefa ndi kukola mwaye wa mu utsi. Mwaye umenewo kuti upse pawokha umafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, ndipo paipi ya utsi sifika pamenepo mukamayenda m'tauni. Mankhwala aja, amene akale ake anali a cerium ndipo atsopano ali ndi chitsulo, amasakanikira mu dizilo pang'onopang'ono, n'kukakhala mu mwayewo, ndipo amautsitsa kuti uzipsa pa madigiri pafupifupi 450. Kusiyana kwa madigiri 150 kumeneko ndiye moyo wa sefa yanu.

Tsono apa ndi pamene anyamata a kompyuta akusocheretsa anthu. Pa ambiri mwa magalimoto amenewa, kompyuta ya galimoto siona mankhwala amene atsala m'kathumba. Imangowerengera. Mukathira dizilo, iyo imalamula kapampu kuti kalavulire mankhwala ofanana ndi dizilo amene mwathirayo, kenako imachotsera pa chiwerengero chake. Chiwerengero chikatsika, uthenga umatuluka. Munthu akalumikiza kompyuta n'kubwezera chiwerengerocho kumayambiriro osathira kanthu, wanamiza galimoto. Zili ngati kulemba m'kaundula kuti nkhokwe yadzaza, m'kati muli zitsononkho zokha. Galimoto imakhulupirira, kapampu kamapitiriza kupopa mpweya, ndipo uthenga sudzabweranso kukuchenjezani mpaka zinthu zitaonongeka.

Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. Kompyuta imayesabe kuwotcha mwaye monga inazolowera, pothira dizilo wowonjezera kuti utsi utenthe, koma kutentha kumene inakonzera n'kwa mwaye wokhala ndi mankhwala. Mwaye supsa. Imayesanso, kenako imayesanso, pafupipafupi. Dizilo wowonjezerayo wina amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukagwera mu oilo. Ndiye chifukwa chake oilo amakwera, ndipo ena amasangalala kuti injini yawo sidya oilo, osadziwa kuti oiloyo wasungunuka ndipo sakutetezanso zitsulo. Nunkhizani ndodoyo, mumva fungo la dizilo. Uku sefa ikutsekeka, utsi ukusowa potulukira, ukubwerera kukakankha turbo, chipangizo chozunguzidwa ndi utsi chokankhira mpweya mu injini. Turbo ya injini ya 1.6 ija sichedwa kufa oilo akaipa. Pamapeto pake galimoto imadziteteza yokha, imadula mphamvu, ndipo ngakhale muponde moto mpaka pansi imangokwawa. Munthu amene anathawa mtengo wa botolo la mankhwala tsopano akufunafuna turbo, sefa, oilo watsopano, mwinanso injini yathunthu, zonse zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene aliyense akudziwa mmene zikuvutira.

Mzuzu wathuyu amawonjezera moto pa vutoli. M'mawa wa mu Juni ndi Julaye, nkhungu ili tolo, munthu amalizitsa galimoto ku Mchengautuwa, kusiya ana kusukulu ku Katoto, kuima ku msika, kuzimitsa. Injini siinatenthe n'komwe. Madzulo chimodzimodzi. Onjezani maola oima pa mzere wa mafuta injini ikulira, kusuntha pang'ono, kuima. Monsemo mwaye ukungounjikana. Ndiponso pa magalimoto akale ambiri a Peugeot ndi Citroën, chitsekero cha thanki ya dizilo chili ndi kamaginito kamene kamauza kompyuta kuti mwatsegula kuti muthire mafuta. Chikatayika, anthu amangogula chilichonse chimene chakwana pa msika, ndipo kawerengedwe ka mankhwala kamasokonekera. Kuthira dizilo wa malita awiri lero, atatu mawa, nakonso sikuthandiza kuti muyezo uzilondola.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho lija lakuti "dizilo ndi utsi, achimwene, Hilux yanga yakale inalibe zonsezi." Inde inalibe. Injini ija ya 3L inalibe sefa, inalibe kompyuta yowerengera mankhwala, ndipo inkalavula utsi wakuda aliyense akuona. Galimoto mwagulayi si imeneyo. Simungaisamale ndi nzeru za 1995. Ndaona ndi maso anga tepi yakuda itamatidwa pa galasi la dashibodi, pamalo penipeni pamene nyali ya chikasu imayakira, kuti isamasowetse mtendere dalaivala. Ndaonanso oilo wa m'chigubu chosalembedwa, wa mathirakitala, akuthiridwa mu injini yofuna oilo wa phulusa lochepa.

Bambo wina wolima fodya cha ku Bwengu anandipeza mwezi watha nkhope ili yakugwa. Chaka chatha atagulitsa fodya ku okushoni kuno ku Mzuzu anagula Peugeot Partner yoti azinyamulira feteleza, ndipo nthawi yopanda fodya azikatenga nthochi ku Nkhata Bay. Uthenga utatuluka, anamuzimitsira pa kagalaja kena, namuuza kuti ndi zinthu za kwa azungu, kuno sizigwira ntchito. Tsiku lina akukwera zitunda zija zochokera ku Nkhata Bay, nthochi zili thothotho kumbuyo, galimoto inadula mphamvu, n'kuyamba kufuka utsi wotuwa. Anagona pamsewu. Nthochi anagulitsa motchipa kwa odutsa kuti zisaolere m'galimoto.

"Alangizi, inetu ndimayesa akonza," anatero. "Nyali ija inazima ndikuona."

"Bambo, anathiramo chiyani pansi paja?"

"Pansi pati?"

Titaikweza, kabokosi kosungira kathumba kanali kong'aluka, mwina ndi mwala wa m'misewu ya kumudzi, ndipo kathumbako kanali kophwa, kouma, kokutidwa ndi fumbi lofiira lomatirira pamene mankhwala anadonthera. Sefa titaichotsa inali yolemera, maenje ake ang'onoang'ono atatsekeka ndi mwaye wolimba. Turbo inali itayamba kale kutaya oilo. Ndalama zimene ankati agulire feteleza wa nazale zinathera pamenepo.

Ena akafika apa amati bwanji tingoiboola sefayo ndi chitsulo, tichotse zam'kati. Akutero ambiri, ndikudziwa. Koma kompyuta imayeza kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa sefa, ndipo ikapeza zosamveka imayatsanso nyali, kapena kupitiriza kuthira dizilo wowotchera sefa yomwe kulibe. Kuonjezera apo, utsi umenewo akuupuma ndi ana anu omwe ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Mu 2012 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Sefa ija sanaiikire kukongoletsa.

Ndipo chonde, AdBlue si Eolys. AdBlue ndi madzi oyera osakaniza ndi urea, a magalimoto atsopano ndi malole, ndipo ntchito yake ndi ina. Mukaithira m'kathanki ka Eolys ikalowa mu dizilo, n'kuononga pampu ndi ma injector.

Zochita zake si zambiri. Uthenga wa additive ukatuluka, galimoto ikwezedwe, kathanki kapena kathumba kaonedwe ngati sikakudontha. Mankhwala alipo a mitundu ingapo, DPX 42, Eolys 176, Powerflex ndi Infineum F7995, ndipo si onse amene amasakanizidwa; mtundu wa cholumikizira pa kathanki ndi nambala ya chasisi ndi zimene zimasonyeza oyenera galimoto yanu. Wothira avale magolovesi. Akathira, apope mpweya utuluke m'kapaipi, ndipo pamenepo pokha ndi pamene chiwerengero chibwezedwe ndi kompyuta. Imani pomwepo muone botolo likutsegulidwa. Ngati uthengawo ukunena za kutsekeka kwa sefa ndipo galimoto ikadali ndi mphamvu, tulukani pa M1 kulowera ku Ekwendeni injini itatentha, muyende mosalekeza pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola kwa mphindi ngati 20. Ikakhala kuti yadula kale mphamvu, musalole munthu kuikakamiza kuwotcha ndi kompyuta asanayeze kuchuluka kwa mwaye, chifukwa sefa yodzaza kwambiri imatha kung'aluka ndi kutentha, ndipo zisachitikire pa udzu wouma. Oilo akhale wolembedwa ACEA C1, C2 kapena C3 malinga ndi buku la galimoto, ndipo amene wanunkha dizilo achotsedwe tsiku lomwelo. Phulusa la mankhwalawa silipsa, choncho galimoto yomwe yadutsa makilomita 120,000 sefa yake ingafunike kuichotsa n'kuitsuka kapena kusintha. Amene mukuitanitsa galimoto kudzera ku Dar es Salaam, ikangodutsa pa Songwe n'kufika kuno, kathumbako kaonedwe musanayambe maulendo.