Mmene mungawerengere mtunda ndi maola a ulendo wa pandege wopita ku London

Tikiti ikalembedwa kuti ndege inyamuka ku Johannesburg 8 koloko usiku n'kukatera ku London 5 koloko m'mawa, ambiri amawerenga pa zala n'kupeza maola 9. Kuwerenga kumeneku n'kolakwika, chifukwa nthawi iliyonse ya pa tikiti ndi ya dziko lomwe bwalo la ndegelo lili.

Yambani ndi zilembo zitatu zoimira bwalo lililonse. O.R. Tambo ku Johannesburg ndi JNB, Heathrow ku London ndi LHR, pomwe Kamuzu International Airport ku Lilongwe ndi LLW. Musangolemba kuti London, popeza kuli mabwalo angapo monga Gatwick ndi Stansted. Lembani JNB-LHR pa tsamba la pa intaneti la Great Circle Mapper, ndipo muona mtunda wopitirira pang'ono makilomita 9,000. Likakupatsani mamailosi, chulukitsani ndi 1.6.

Kenako gawani mtundawo ndi liwiro la ndege. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimathamanga pafupifupi makilomita 850 pa ola, ndiye 9,000 kugawa ndi 850 zikupatsani maola 10 ndi theka. Onjezerani theka la ola la kuyenda pabwalo, kukwera ndi kutsika. Apo mwafika pa maola 11, omwe ndi amene ndege za British Airways ndi Virgin Atlantic zimatenga pa ulendowu.

Nanga maola awiri aja anasowera kuti? Malawi ndi South Africa amayendera nthawi imodzi, ndipo ali patsogolo pa Britain ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi. Miyezi inayo a ku Britain amasuntha mawotchi awo, kusiyana n'kutsala ola limodzi. Choncho popita onjezerani kusiyanako pa zomwe mwawerenga pa tikiti, pobwerera chotsani. Wachibale wokakuchingamirani ku Heathrow muuzeni nthawi yolembedwa pa tikitiyo mmene iliri, musamusinthire, angakagone pabwalo.

Wonyamukira ku Lilongwe kapena ku Chileka ali ndi ntchito ina, chifukwa palibe ndege yolunjika ku London. Mudzera ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, ndipo mizinda iwiri yomalizayi ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Werengani chigawo chilichonse pachokha, kenako muphatikize ndi maola odikira ndege yachiwiri. Apa ndi pomwe tikiti yotchipa imapweteka: maola a m'mwamba angakhale ofanana ndi a tikiti yodula, koma pa benchi ya pabwalo mungakhalepo usiku wonse. Ine kudikira kosakwana maola awiri sindikukhulupirira, popeza ndege yoyamba ikangochedwa pang'ono, yachiwiri imakusiyani inu ndi chikwama chomwe.