Momwe mungalowetsere besi yoimirira mu nyimbo ya EDM popanda kuphimba kick

Besi yoimirira, chimphona chamatabwa chija chimene ena amati upright bass kapena double bass, sichinapangidwire masipika a m'kalabu. Chinakulira mu okhestra ndi mu jazz, kumene mawu amaloledwa kukwera, kutsika ndi kuzilala mwakufuna kwa woimba. House ndi techno, mitundu ya EDM (nyimbo zovina zopangidwa ndi makina), zilibe ulemu umenewo: kick, ng'oma yaikulu yolira pansi, imagunda ndi mphamvu yofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Komabe ziwirizi zimakhalirana. Roni Size ndi gulu la Reprazent la ku Bristol anaika besi imeneyi pa drum and bass mu 1997, ndipo chimbale chawo New Forms chinatenga mphoto ya Mercury chaka chomwecho.

Gwero la mkangano lili pa manambala. Nsambo zinayi za besi imeneyi ndi E, A, D ndi G, ndipo zikaimbidwa osazidina ndi chala zimalira pa 41, 55, 73 ndi 98 Hz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu; nambala ikachepa, mawu ndi apansi). Kick zambiri za EDM, kuphatikizapo zotengera makina a Roland TR-909 ndi TR-808, mphamvu yake imagona cha pakati pa 45 ndi 60 Hz. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye ntchito yanu yonse ndi kusankha amene alire pansi penipeni.

Yambani ndi kujambula bwino, chifukwa zimene zaonongeka apa EQ, chida chokweza kapena kutsitsa magawo a mawu, sidzazikonza. Ikani maikolofoni ya condenser pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, iloze pakati pa bridge (kathabwa kochirikiza nsambo) ndi bowo lija lokhala ngati chilembo f. Mukailozetsa m'bowo mwenimweni mupeza kugunda kokhakokha, manoti osamveka. Ngati besi ili ndi pickup ya piezo, kachipangizo komata pa besi kotola kunjenjemera kwake, jambulaninso imeneyo pa tchanelo yakeyake, kudzera mu DI kapena preamp (zida zolandira mawu a pickup) ya impedance yokwera, 1 megaohm kapena kuposa. Piezo ikalowa malo osayenera imamveka yoonda ndi yamphuno. Woimbayo azimva kick mu mahedifoni, osati kaphokoso ka metronome kokha, kuti azidziwa polowa ndi posiya.

Mukakhala ndi matchanelo awiri, onani phase, kugwirizana kwa mafunde a matchanelo awiriwo, musanakhudze china chilichonse. Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho maikolofoni imene ili pa masentimita 30 imachedwa pafupifupi 0.9 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) poyerekeza ndi pickup. Kuchedwa kochepa chonchi kumatha kudya mnofu wa besi. Kulitsani chithunzi cha mafunde pa sikirini, pezani pamene noti imodzi yayambira, ndipo sunthani tchanelo ya pickup kufikira nsonga zake zitakumana ndi za maikolofoni. Kenako dinani batani la polarity, lotembenuza mafunde, uku mukumvetsera. Mbali imene ikumveka yonenepa ndiyo yolondola.

Tsopano nthawi. Apa ambiri amathamangira quantize ya 100 peresenti, noti iliyonse n'kuikhomera pa mzere, kenako n'kumadabwa kuti besi yasanduka ngati ya mu kompyuta. Ngati mumafuna yotero, bwenzi mutangotsegula synth. Konzani manoti okhawo amene akugwera pamodzi ndi kick, chifukwa amenewo akaphonya pang'ono pamamveka kugunda kuwiri. Ena apakati asiyeni atsalire kapena atsogole momwe dzanja linaimbira. Ndipo ndi bwino kudula ndi kusuntha noti kusiyana n'kuikoka ndi warp, poti kukoka kumafafaniza kaphokoso ka chala poyambira noti.

Musanaike compressor, chida chochepetsa kusiyana kwa manoti ofuula ndi omira, yendani m'tchanelo yonse ndi clip gain, kukweza kapena kutsitsa voliyumu ya noti iliyonse ndi dzanja. Besi yamatabwa ili ndi manoti ena amene amafuula kuposa anzake chifukwa cha kapangidwe ka thupi lake, ena n'kumamira. Tsitsani ofuulawo ndi 2 kapena 3 dB, kwezani omirawo. Ndi ntchito yotopetsa, inde, koma imachititsa kuti compressor isamagwire ntchito ya anthu awiri.

Apa ndiye pa chisankho chachikulu. Njira yoyamba ndi kusiyira besi pansi ponse: mumadula zonse za pansi pa 30 kapena 35 Hz ndi high-pass, n'kusankha kick yaifupi, youma, imene mphamvu yake ili chakumwamba pang'ono. Izi zimakomera deep house ndi nyimbo zina zosathithikana. Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda pa nyimbo yopita m'kalabu, ndi kudula besi cha pa 80 mpaka 100 Hz, n'kuika sine yoyera (mawu a synth opanda zosakaniza) pansi pake kuti isenze sub, mawu apansi penipeni. Manoti a sine mukhoza kuwaimba pa kiyibodi, kapena kuwatulutsa mu besi yomweyo ndi pulogalamu ya Melodyne kapena Convert Melody to MIDI ya mu Ableton Live, kenako n'kukonza olakwika ndi dzanja.

Chifukwa chodulira besi musanaike sine n'choti chida chimenechi chilibe mafreti, tizitsulo ta pakhosi la gitala tolekanitsa manoti. Woimba, ngakhale katswiri, samagwera pakati penipeni pa noti nthawi zonse. Iye akalira pa 56 Hz pamene sine ili pa 55 Hz, mafunde awiriwo amawonjezerana ndi kufafanizana kamodzi pa sekondi iliyonse, ndipo pansi pa nyimbo pamayamba kupuma wefuwefu. Pa masipika ang'ono simungazimve. Pa ma subwoofer aakulu aliyense wovina amamva kuti pansi pakuthawa. Ena amathetsa vutoli powongola noti iliyonse ya besi, koma potero amapha kutsetsereka kwa chala kuchoka pa noti ina kupita pa inzake, kumene kuli kukoma kwenikweni kwa chidachi. Kulibwino kugawa malo: sine pansi, thabwa ndi chala pamwamba.

EQ yotsalayo siyochuluka. Cha pa 200 mpaka 300 Hz pamakhala kulira kwa bokosi; tsitsani pang'ono, koma osafafaniza, poti pomwepo ndi pamene pali thupi la besi. Cha pa 700 Hz mpaka 1 kHz pali kubangula kwa nsambo, ndipo pa 2 mpaka 3 kHz pali kugunda kwa chala. Malo amenewa ndi amene amauza khutu kuti akuimba ndi munthu. Ngati pali synth kapena pad imene yadzaza pomwepo, tsitsani synth-yo m'malo mokweza besi.

Compressor iikeni pa ratio ya 3:1 kapena 4:1, attack (nthawi imene imatenga kuti iyambe kufinya) ya 20 mpaka 30 ms kuti kudumpha koyamba kwa nsambo kudutse, ndipo isadye kupitirira 4 kapena 5 dB. Ngati sizikukwana, onjezani yachiwiri yofatsa pambuyo pake kusiyana n'kufinya yoyambayo.

Kenako sidechain, kuti besi izigonjera kick. Pa 124 BPM (kugunda 124 pa mphindi) kugunda kumodzi kumatenga 484 ms, ndiye release (nthawi yosiya kufinya) ya 100 mpaka 150 ms imapatsa besi nthawi yobwerera kick ina isanafike. Koma musatsitse besi yonse ngati momwe amachitira ndi synth. Besi yamatabwa ikamalowa n'kutuluka yonse imamveka yabodza, chifukwa palibe dzanja limene limaimba choncho. Gwiritsani ntchito dynamic EQ kapena multiband kuti kick ikagunda zitsike za pansi pa 120 Hz zokha, zapamwamba zikhale pomwe zili. Sine ija ndiye mutha kuitsitsa kwambiri osaopa. Ndipo ngati mzere wa besi sunalembedwe kale, pemphani woimba aziika manoti ambiri pakati pa ma kick. Theka la vutoli limathera pomwepo.

Foni ndi laputopu sizitulutsa 55 Hz. Zimene zimamveka pamenepo ndi ma harmonic ake, mawu apamwamba amene amalira limodzi ndi notiyo, 110, 165 ndi 220 Hz, ndipo ubongo umadzazira wokha noti yapansiyo. Tumizani besi ku tchanelo ina, ikani saturation ya tepi kapena ya chubu, imene imawonjezera ma harmonic, dulani pansi pake, n'kuibweza pang'onopang'ono kufikira mzere wa besi utayamba kumveka pa foni.

Zonse za pansi pa 120 Hz zikhale mono, makamaka ngati nyimboyo idzadindidwa pa vinyl. Reverb ikhale ya kachipinda kakang'ono, yosakwana sekondi imodzi, yodulidwa pansi cha pa 250 Hz, kungoti besi isaoneke ngati mlendo pakati pa zida za mu kompyuta. Pa breakdown, pamene kick yachoka, tsegulani high-pass ija ndi automation, zimitsani sine, besi imveke yonse ndi thupi lake, n'kubwezeretsa zonse drop ikamafika, pamene kick ikubwerera.

Pomaliza mvetserani kick, sine ndi besi zokha, mu mono, voliyumu ili pansi. Ngati pali noti imene kick ikusowa nthawi iliyonse noti imeneyo ikalira, bwererani ku clip gain ya noti yomweyo kapena fupikitsani mchira wa kick, musanakhudze limiter ya pa master, chida choletsa nyimbo yonse kupitirira malire a voliyumu.