Kasinthidwe ka Mpando wa mu Ofesi Kuti Ugwirizane ndi Thupi Lanu

Munthu amene ntchito yake ndi yolemba, yowerengera ndalama kapena yokonza mapulogalamu a pakompyuta amatha maola 7 kapena 8 ali pampando, ndipo maganizo akalowerera pantchito sazindikira n'komwe kuti khosi lasomphokera kutsogolo, mapewa akwera ndipo msana wapindika. Ululu umadzamveka madzulo poweruka. Ambiri amafulumira kuganiza zogula mpando wodula, koma ine ndimaona kuti kawirikawiri vuto limakhala lakuti mpando umene ulipowo sunasinthidwepo chiubweretsereni, ngakhale uli ndi tizitsulo tosinthira pansi pake.

Yambirani kumapazi. Imirirani kutsogolo kwa mpando ndipo muukweze kapena kuutsitsa mpaka pokhalira pafike m'munsi pang'ono mwa mawondo anu. Mukakhala, mapazi onse awiri aponde pansi bwinobwino, ntchafu zikhale zogona, ndipo mawondo akhale pamlingo umodzi ndi chiuno kapena m'munsi mwake pang'ono. Mipando yambiri imakwera kuchokera pa masentimita pafupifupi 40 kufika kupitirira 50, pamene madesiki ambiri ndi otalika masentimita 73 mpaka 75, zimene zimavutitsa anthu ofupika msinkhu. Ngati mwakweza mpando kuti mufikire desiki ndipo mapazi akulendewera, ikani chopondapo. Kabokosi ka thabwa kokhomedwa ndi kalipentala kamakwanira.

Kenaka khalani mpaka matako akagunde kumbuyo kwenikweni kwa mpando, ndipo mupise dzanja pakati pa mphepete mwa pokhalira ndi kuseri kwa bondo. Payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu. Mpata umenewu ukasowa, mphepete imafinya mitsempha, miyendo imachita dzanzi, ndipo munthu amayamba kusendera kutsogolo n'kusiya chotsamira chili padera.

Chotsamira ndicho chofunika kuchisamalira koposa. M'munsi mwa msana, pamwamba pa chiuno, muli mafupa asanu amene mwachibadwa amapindikira mkati, ndipo pakati pa mafupawo pali timinofu tofewa tonyamula kulemera kwa thupi. Munthu akakhala chowerama, kupindika kuja kumatha ndipo timinofuto timapanikizika kwambiri, monga anasonyezera dokotala wa ku Sweden, Alf Nachemson, amene anayeza kupanikizikaku mwa anthu amoyo. N'chifukwa chake mpando wabwino umakhala ndi kotukuka m'munsi mwa chotsamira. Kasunthireni mmwamba kapena pansi mpaka kalowe bwino m'chigwa cha msana, cha pamwamba pa pamene pamadutsa lamba. Ngati mpando wanu ulibe, pindani thaulo kapena chitenje ngati mkeka, muchimangirire pamalo omwewo; chisakule mpaka kukukankhirani kutsogolo. Komanso musaumirire kukhala njo ngati msilikali, pakuti minofu imatopa msanga. Pendeketsani chotsamira pang'ono chakumbuyo, pa madigiri 100 mpaka 110, kuti mbali ina ya kulemera kwanu inyamulidwe ndi mpando. Abambo achotse chikwama cha ndalama m'thumba lakumbuyo asanakhale, chifukwa chimapendeketsa chiuno tsiku lonse.

Poika mikono pakwere mpaka zigongono zingokhudzapo mapewa ali omasuka. Ngati pakugunda desiki n'kukulepheretsani kuyandikira, patsitseni kapena pachotseni ndithu.

Mpando wosinthidwa bwino umakhala wopanda phindu ngati sikirini ili pansi. Mzere wapamwamba wa sikirini ukhale pamlingo wa maso, patali ngati kutalika kwa mkono wanu. Laputopu imalakwira lamulo limeneli nthawi zonse, choncho ikwezeni pamabuku angapo ndipo mugule kiyibodi ndi mausi zapadera.

Mukafuna kugula mpando wina, musatengeke ndi chikopa chonyezimira kapena kukula kwa mpando. Ukhale wa miyendo isanu kuti usagudubuke, ndipo siponji yake ibwerere msanga mukaidinikiza ndi chikhatho. Chotsamira cha nsalu yonga neti, imene inatchuka ndi mpando wa Aeron umene kampani ya Herman Miller inatulutsa mu 1994, chimalowetsa mpweya, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi yopanda fani m'mwezi wa Okutobala amadziwa kufunika kwake. Ngati mpandowo ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, ukwezeni mpaka pamapeto ndipo mukhalepo kwa mphindi 10 kapena 15 muli m'sitolo momwemo; ukayamba kutsika wokha, ndiye kuti chitsulo cha mpweya chapakati, chimene chimakweza ndi kutsitsa mpando, chatha mphamvu, ndipo mufunse mtengo wa china musanalipire.

Pomaliza, tcherani alamu ya pafoni kuti izilira pakatha mphindi 30 kapena 45 zilizonse. Ikalira, imirirani, wongolani msana, yendani kukatunga madzi akumwa, ndipo pobwerera mukhalenso mpaka matako akagunde kumbuyo kwa mpando musanagwire kiyibodi.