Kulumikiza Nginx ndi Gunicorn, app izidzuka yokha malaiti akabwera

Abale, ambiri tikalemba app ya Django kapena Flask nkuyenda bwino pa laputopu, tikaiponya pa seva timangoyatsa Gunicorn pa poti 8000 nkuitsegulira dziko lonse basi. Osatero. Gunicorn ndi wophika, ntchito yake nkuyendetsa khodi yanu, ndipo mukapita kudya matebeto ku Thornpark mu Lusaka simuona wophika akusiya mpoto wa nsima pamoto kuti akalandire aliyense wolowa, pamakhala wina wa pakhomo. Wa pakhomoyo ndiye Nginx, amene Igor Sysoev anatulutsa mu 2004, amapirira anthu a netiweki yochedwa, amagwira HTTPS, amagawa zithunzi ndi ma CSS yekha, zofuna kuphika zokha ndi zomwe amapititsa kumbuyo.

Yambani nkubisa app. Gunicorn imvetsere pa 127.0.0.1:8000 chabe, ndiye kuti mkati mwa seva momwemo, osati 0.0.0.0 yomwe imatsegulira aliyense, kuti wa kunja asaifikire popanda kudutsa pakhomo. Ma worker, omwe ndi ma process a Gunicorn oyankha alendo, eni Gunicorn amati ma core kawiri kuphatikizapo imodzi, ndiye seva ya ma core 2 ikani 5, koma yang'anani RAM kaye chifukwa worker aliyense amadya yake.

Manje pa Ubuntu pangani fayilo ya Nginx mu /etc/nginx/sites-available nkuilumikiza ku sites-enabled ndi ln -s. Mkati mwa location / lembani proxy_pass http://127.0.0.1:8000, kenako proxy_set_header Host $host, ndi proxy_set_header X-Forwarded-For $proxy_add_x_forwarded_for, ndi proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme, ndipo apa ndi pomwe anthu amachita ulesi, mukasiya mizere imeneyi app imaona ngati alendo onse akuchokera pa 127.0.0.1, ndiye tsiku lomwe wina ayamba kuyesa mapasiwedi simudziwa kuti ndi ndani, komanso ngati app ikukakamiza HTTPS koma siikuuzidwa kuti mlendo walowa kale pa HTTPS imangomuzunguza mpaka browser itatopa. Ku Django ikaninso SECURE_PROXY_SSL_HEADER. Za /static/ zipatseni location yake.

Musanachite systemctl reload nginx, nthawi zonse nginx -t kaye. Semicolon imodzi yoiwalika ndi yokwanira kuti Nginx akane config yanu.

Ufw, firewall ya Ubuntu, itsegule mapoti 22, 80 ndi 443 basi, ndipo 22, yomwe mumalowera pa seva ndi SSH, muyambe nayo musanayatse firewall, mungadzitsekere panja nokha. Satifiketi ya HTTPS ya Let's Encrypt itengeni ndi certbot, imakhala masiku 90, yesani certbot renew --dry-run muone ngati izidzikonza yokha.

Chomwe chinandiliza ine ndi ichi. Tinali ndi kaseva pa ofesi ina ku Kabwata nthawi ya load shedding ya 2024 ija madzi atachepa ku Kariba, malaiti apita, batire yatha, malaiti abwera usiku, Nginx wadzuka yekha bwinobwino koma Gunicorn ndinali nditamuyatsa pamanja mu terminal, mmawa foni ikungolira ati webusaiti ikulemba 502 Bad Gateway. Ndiye lembani fayilo ya Gunicorn ya systemd, yomwe imayatsa mapulogalamu seva ikadzuka, mu /etc/systemd/system, muikemo Restart=always, nkuchita systemctl enable, kenako zimitsani seva dala masana muone ngati zonse zikubwerera popanda dzanja lanu. Ambiri sayesa zimenezi, mantha.

Manambala awa muwaloweze. 502 ndiye kuti kukhitchini kulibe munthu kapena mwalakwitsa poti. 504 wophika alipo koma wachedwa kupitirira masekondi 60 omwe Nginx amadikira, ngakhale Gunicorn naye amapha worker yemwe wakhala chete masekondi 30, ndiye osangokweza timeout, funsani kuti query yake ikuchedwa chani. 413 ndiye kuti fayilo yomwe mlendo watumiza yakula kupitirira client_max_body_size, imayambira pa 1 MB chabe, chithunzi cha chiphaso cha NRC chojambula pa foni sichidutsa. Zonsezi zimalembedwa mu /var/log/nginx/error.log, za app muziona ndi journalctl -u kenako dzina la service yanu.

A Java, nkhani ndi yomweyi, wophika wanu ndi Tomcat, ali pa 8080, ndipo ngati simugwiritsa AJP, njira ina yolumikizira Tomcat ndi web server, tsekani 8009, bowo la chitetezo lotchedwa Ghostcat la mu 2020 linali pamenepo.