Musanagule zikalata za ngongole za nyumba, tsegulani mafayilo

Malangizowa ndi anu amene mumasunga ndalama za anthu ena: matrasti a thumba la penshoni, makomiti a SACCO ndi oyendetsa ndalama za inshulansi. Banki ikakubweretserani chikalata chimene phindu lake limachokera ku ngongole za nyumba zikwizikwi zomangidwa mtolo umodzi, musakhutire ndi zimene yalemba yokha. Milandu ya ku America inaonetsa pamene bodza limabisala.

Mu Seputembala 2011, bungwe la boma la America loyang'anira makampani a ngongole za nyumba, la FHFA, linasumira mabanki 17 chifukwa cha zikalata za madola pafupifupi 196 biliyoni zimene anagulitsa kwa Fannie Mae ndi Freddie Mac, makampani awiri othandizidwa ndi boma amene amagula ngongole za nyumba. Mabanki ambiri anasankha kulipira mlandu usanazengedwe. JPMorgan Chase inagwirizana ndi boma kupereka madola 13 biliyoni mu 2013, Bank of America madola 16.65 biliyoni mu 2014. Banki ya ku Japan ya Nomura inalimbalimba mpaka kubwalo, koma mu 2015 woweruza Denise Cote wa ku New York anagamula kuti zikalatazo sizinanene zoona za ngongole zimene zinali mkati.

Bodzalo linkakhala pa zinthu zitatu, ndipo ndi zomwezo muyenera kufufuza. Choyamba, kodi wobwereka amakhaladi m'nyumbayo? Munthu amalimbikira kulipira denga limene ana ake amagonamo, koma nyumba imene anagula kuti azichititsa lendi amaisiya msanga mitengo ikatsika. Chachiwiri, ndalama zimene amapeza pa mwezi zinatsimikizidwa ndi chikalata cha malipiro, kapena anangonena pakamwa?

Chachitatu ndiye chovuta: mtengo wa chikole. Tiyerekeze kuti nyumba ndi ya madola 180,000, koma woyesa mtengo walemba 225,000. Ngongole ya 180,000 ioneka ngati 80 pa 100 ya mtengo wa nyumba, pamene zoona zake yadya nyumba yonse. Wobwereka akalephera, banki ikalanda ndi kugulitsa, ndalama sizikwana, ndipo chotsalacho chimagwera inu. Choncho pezani woyesa mtengo wanu, amene salipidwa ndi wogulitsa.

Pemphani mndandanda wa ngongole zonse za mumtolomo, imodziimodzi, kenaka musankhe nokha mafayilo oti atsegulidwe. Wogula chimanga wochenjera amapisa dzanja pansi pa thumba, salola wogulitsa kumutapira zapamwamba. Mukapeza zolakwika zambiri, onjezerani mafayilo, chifukwa zimene mwaona zilinso mu amene simunatsegule.

Funsaninso molimba kuti: ngongole zimene zinakanidwa pofufuza zinapita kuti? Apa mpamene panaola kwambiri. Kampani ya Clayton Holdings, imene mabanki ankailemba ntchito yofufuza, inapeza kuti kuyambira 2006 mpaka pakati pa 2007 ngongole 28 pa 100 zilizonse zimene inaona sizinkakwanitsa malamulo a kabwereketsedwe. Mwa zimenezo, 39 pa 100 mabanki anazilowetsabe m'mitolo. Ogula sanauzidwe. Zimatipweteka mtima chifukwa ena mwa ogulawo anali matumba a penshoni a aphunzitsi ndi antchito a boma.

Chizindikiro cha AAA, chonena kuti chikalata ndi chodalirika kwambiri, chisakugonetseni tulo. Amene amachipereka amalipidwa ndi wogulitsa yemweyo, ndipo kampani yopereka zizindikirozi ya Standard & Poor's inalipira madola 1.375 biliyoni mu 2015 pa nkhani ya zizindikiro zotere.

Mu mgwirizano mukhale ndime yokakamiza wogulitsa kugulanso ngongole iliyonse imene yapezeka yosiyana ndi zimene analonjeza, ndipo itchule masiku amene ayenera kutero. Sungani chikalata chilichonse, ngakhale maimelo. Nthawi yosumira imatha msanga: boma la America linadalira lamulo la FIRREA la 1989 lolipatsa zaka 10, koma wogula wamba pansi pa lamulo la 1933 la kagulitsidwe ka zikalata ali ndi zaka zosapitirira 3. Loya wanu akuuzeni malire a nthawi a dziko limene chikalatacho chinalembetsedwa musanasaine.