Nsabwe pa repu ndi mpiru? Yesani mafuta a thyme

Amene muli ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, ndipo nsabwe zapiringiza masamba a repu kapena mpiru, mafuta a thyme, ochokera ku kachitsamba konunkhira kamene amakometsera zakudya, andithandiza kwambiri. Kabotolo kake n'kodula ndithu, koma pamangofunika madontho ochepa.

Mu lita imodzi ya madzi thirani madontho 15, kenaka onjezerani theka la kasupuni ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopoyo musamuiwale chonde, popeza popanda iye mafutawo amangoyandama pamwamba. Khutchumulani bwino, ndipo muzikhutchumulabe pamene mukupopera.

Yambani ndi masamba awiri atatu okha, mudikire masiku awiri. Mafutawa akachuluka amawotcha masamba, makamaka kukamawala dzuwa. Poperani madzulo, njuchi zitapita, ndipo mulunjike kunsi kwa tsamba kumene nsabwezo zimaunjikana.

Mu mafutawa muli mankhwala achilengedwe otchedwa thymol, amene amapha tizilombo tofewa thupi akatikhudza. Nsabwe imene simunainyowetse ndiye kuti yapulumuka. Mphamvu yake imauluka msanga, choncho bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, komanso mvula ikagwa. Ndiwo zanu muzitsukebe bwinobwino musanaphike.